Cham'mwamba chikathawira kumwamba, chiduleni mutu

MUKAMAYENDA m'makomboni a m'mizinda yathuyi, kaya ndi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chinsapo kapena ku Mchesi, tayesani kukweza maso. Kuseri kwa bafa, kapena pakona pa mpanda wa njerwa, mudzaona kamtengo kowonda, kotuwa, kotalika kupitirira denga, masamba ali kunsonga kokha ngati tsache lakutha limene wina waliimika chozondoka. Umenewo ndi mtengo wa cham'mwamba, umene a mabungwe ndi a pa wailesi amakonda kuutchula kuti moringa.

Mwini wake anaubzala atamva kuti masamba ake ndi ndiwo, ndiponso kuti ndi malonda. Chaka choyamba ankanyadira, alendo akabwera n'kumawaonetsa mmene ukukulira msanga. Lero mtengo ulipo, wakula ndithu, koma masamba sakudya ndipo sakugulitsa. Awafika bwanji? Zikupindula ndi mbalame basi.

Chonsecho mumsika momwemu ufa wa masamba omwewo uli pa mabenchi m'timabotolo, ndipo anthu akugula. Ine ndakumanapo ndi amayi a geni amene amachita kuoda masamba ouma kuchokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kulipira galimoto ndi zonse, pamene pakhomo pawo pali mitengo iwiri itatu yongoima ngati mapolo a mbendera. Ndalama ili pakhomo pomwepo, kungoti ili mamita 6 m'mwamba.

Vuto limeneli silifuna feteleza kapena madzi ambiri. Lifuna sowo. Mtengowo uyenera kudulidwa mutu. Ndikudziwa kuti pamenepa ena mwagwira kale pakamwa, choncho tiyeni tikambirane modekha, chifukwa kudula kulipo kopindulitsa, kulipo kopha mtengo, ndiponso kulipo kogoneka munthu m'chipatala.

Nsonga ndiye bwana

Amene anaupatsa dzina mtengowu anauonetsetsa. Kwawo kwenikweni ndi kumpoto kwa dziko la India, koma kuno unakhazikika kalekale m'madera otentha, ku Chigwa cha Shire ndi m'mbali mwa nyanja monga ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Karonga. Ukapeza dothi labwino umatha kutalika mamita 3 kapena 4 chaka choyamba chomwecho, ndipo ukasiyidwa umafika mamita 10 kapena kuposerapo. Khalidwe lake ndi lothamangira kumwamba, za nthambi za m'mbali sulabadira.

Chimene chimachitika ndi ichi. Pa thunthu, paliponse pamene pali tsamba kapena pamene panali tsamba, pamakhala kadiso kogona. Kadiso kameneko ndi nthambi imene sinabadwe. Tsono nsonga ya mtengo imapanga mankhwala akeake otchedwa auxin, amene amatsika ndi thunthu n'kumatsekereza timaso tija kuti tisaphuke. Nsonga ikadalipo ndiyo bwana, enawo ali zii. Mukangoichotsa, timaso tapafupi ndi pamene mwadulapo timadzuka, ndipo pamene panali mutu umodzi pamatuluka mitu inayi, isanu, nthawi zina kuposa pamenepo.

Izi si nkhambakamwa ayi. Charles Darwin ndi mwana wake Francis analemba kale mu 1880 kuti nsonga ya kambewu ndiyo imamva kumene kuwala kukuchokera, n'kutumiza uthenga kumunsi kuti tsinde lipindikire komweko. Mu 1933 akatswiri awiri ku America, Kenneth Thimann ndi Folke Skoog, anadula nsonga za mbewu ya mtundu wa nyemba, timaso n'kuphuka. Ataika auxin pamene anadulapo, timaso tinakhalanso chete ngati kuti nsonga ikadalipo.

Koma nanga mpaka tipite ku America? Amene munakwerapo basi ya ku Thyolo kapena ku Mulanje munaona minda ya tiyi yosalala ngati tebulo, yolekeza m'chiuno. Tiyi uja si kachitsamba, ndi mtengo, ndipo atausiya ukhoza kutalika kuposa nyumba. Amaudulira dala pakapita zaka zingapo, kuti uzitulutsa mphukira zambirimbiri pamene dzanja la wothyola likufika. Ntchito imeneyi yakhala ikuchitika kumeneko kwa zaka zoposa 100. Ngati eni maesiteti, anthu osasewera ndi ndalama, amadula mitengo yawo mpaka kutsala zitsa, ife ndi timitengo tathu tiwiri tikuopa chiyani?

M'tauni muno vutoli limakula chifukwa cha mthunzi. Mapuloti athu ndi opanikizana. Uku khoma, uku nyumba ya alandilodi, uku mango a aneba. Mtengo wosowa dzuwa umalisaka kumwamba. Umawonda, mfundo zake zimatalikirana, masamba apansi amachita chikasu n'kuyoyoka. N'chimodzimodzi duwa la mumphika limene laikidwa pakona pa sitinirumu, kapena mbande zimene zakhalitsa pansi pa shedi. Ichi chisungeni mumtima: mukadula koma mthunzi n'kukhalabe womwewo, mphukira zatsopano nazonso zidzathamangira kumwamba. Cham'mwamba chimafuna dzuwa pafupifupi tsiku lonse. Ngati chinabzalidwa pamalo obisika, nthawi zina nzeru ndi kutenga nthambi n'kukabzala pena.

Kudula kwake

Akulu anati m'mera mpoyamba. Ngati mtengo wanu ndi waung'ono, sowo safunika. Ukafika pakati pa bondo ndi chiuno, masentimita 60 mpaka mita imodzi, tsinani nsonga ndi zala, kutalika ngati chala chimodzi. Nthambi zimene zituluke, zikafika utali wa chikhatho ndi zala zake, zitsineninso kunsonga. Mukatero katatu kapena kanayi m'miyezi yoyambirira, mtengo umasanduka chitsamba chothithikana, ndipo masamba mumathyola mutaima pansi, mwana ali kumsana.

Nkhani yavuta ndi ya uja wathawa kale. Ameneyo mduleni thunthu pakati pa chiuno ndi chifuwa, mita imodzi mpaka mita ndi theka kuchokera pansi. Inde, zonse zam'mwambazo zigwe. Chitsala ndi chipolo chopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo aliyense wodutsa adzakufunsani ngati mutu wanu ukuyenda bwino. Aloleni afunse. Cham'mwamba chili m'gulu la mitengo yopirira nkhanza zotere, chifukwa chimasunga chakudya ndi madzi mumuzu wake wonenepa ndi m'thunthu momwe. Kukakhala kotentha, pakatha masabata awiri kapena atatu timphukira tobiriwira timayamba kusuzumira kuzungulira balalo.

Pamenepa m'pamene ambiri amagona. Mphukira zimatuluka zambiri, zothinana, ndipo mukazisiya zonse zimalimbirana dzuwa n'kuwondanso. Sankhani zinayi kapena zisanu zamphamvu, zoloza mbali zosiyanasiyana, zinazo muthyole ndi zala zikadali zanthete n'kukathira mumphika. Zimene mwasiyazo zikafika utali wa mkono, zitsineni nsonga monga tanenera. Pakatha mwezi ndi theka kapena iwiri mumayamba kukolola, ndipo kukolola komweko ndiye kudulira: mumadula mphukira yonse, n'kusiya timaso tiwiri titatu kumunsi kuti tidzaphukenso.

Dulani mopendeketsa, osati mosalala ngati chopondapo. Thabwa la cham'mwamba ndi lofewa, lomwa madzi, ndipo madzi a mvula akamadikha pabala, kuola kumayambira pomwepo n'kumatsika. Sowo ndi wabwino kuposa chikwanje, chifukwa chikwanje chimang'amba thunthu ndi kusenda khungwa. Ngati sowo mulibe, kabwerekeni kwa akalipentala. Zikakanika, chikwanjecho chinoleni mpaka chizimeta ubweya, kuti muthane nazo ndi kutema kuwiri kutatu osati kumangojeda. Ndipo chida chimene chadula mtengo wodwala chipukuteni ndi sipiliti, kapena ndi madzi othira Jik pang'ono, musanapite nacho pa mtengo wina. Matenda a mitengo amakwera nawo mpeni.

Pali mwambo wopaka oyilo wakuda wa galimoto pabala, ena penti, ena ndowe. Ine ndikuti zisiyeni. Katswiri wina wa za nkhalango ku America, Alex Shigo, anatha zaka zambiri akung'amba mitengo ndi makina kuti aone mmene imaolera mkati, ndipo pofika m'ma 1980 anali ataonetsa kuti zopakapaka siziletsa kuola. Nthawi zina zimangotsekera chinyezi mkati. Mtengo supola ngati munthu, umangomanga mpanda kuzungulira pamene pavulala, ndipo chimene umafuna kwa inu ndi bala losalala ndi mphepo. Oyilo wakuda pa mtengo umene masamba ake mukagulitse kwa anthu kuti adye, zimenezo n'zosayenera n'komwe.

Ngati muli ndi mitengo itatu, musaigwetse tsiku limodzi. Dulani umodzi lero, wina pakatha mwezi, kuti benchi lisadzakhale lopanda katundu. Wachitatu mukhoza kungoufupikitsa nthambi, chifukwa mtengo wodulidwa kwambiri umachedwa kubereka nyemba zake zazitali zija, ndipo njere nazo ndi malonda. Paja njere zimenezi zikasinjidwa zimakoka matope m'madzi. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku University of Leicester ya ku Britain, pamodzi ndi a ku Polytechnic imene lero ikutchedwa MUBAS, anaziyesa pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo ndipo madzi amatope anayera. Koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Za nthawi. Mu Juni ndi Julayi, chisanu ndi chiperoni zikavuta, cham'mwamba chimakhala ngati chagona, masamba chimataya, ndipo mukachidula chimachedwa kudzuka. Pakati pa dzinja, mvula ikamagwa usana ndi usiku mu Janyuwale ndi Febuluwale, bala limaola msanga. Nthawi yabwino ndi kukayamba kutentha, mu Seputembala kapena Okutobala, ngati mungakwanitse ndowa ya madzi kawiri pa sabata. Ngati madzi ndi ogula pa kiyosiki ndipo bajeti sikulola, dikirani Novembala, mitambo ikayamba kusonkhana.

Palinso chifukwa china chodulira dzinja lisanafike, ndicho mphepo. Cham'mwamba chachitali sichichedwa kuthyoka. Tonse tikukumbukira namondwe wa Ana mu Janyuwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, mmene dothi linafewera mpaka mitengo yolimba kuzuka. Mtengo wofewa wa mamita 10 woyandikana ndi denga la malata, makamaka denga la eni ake, ndi mlandu umene ukungodikira tsiku.

Mtengo umaphukanso, msana ayi

Tsopano tikambe za inuyo odula. Choyamba, cham'mwamba sakwera. Nthambi yonenepa ngati ntchafu imatha kuthyoka phwa! popanda kuchenjeza, osati ngati gwafa amene amayamba wapindika. Makwerero nawo musawatsamize pa thunthu limene mukudula. Nyengo ya mango iliyonse zipatala zathu zimalandira ana ndi akulu othyoka manja ndi miyendo chifukwa chogwa mumtengo, ndipo mango ndi wolimba kutalitali kuyerekeza ndi cham'mwamba. Munthu wa geni akagona mwezi ndi pulasitala, palibe amene amamulipira. Benchi limatsekeka, mpamba umadyedwa, makasitomala amazolowera kwa mnzako.

Ngati mtengo ndi wautali ndipo uli pafupi ndi nyumba, musangofikira kudula thunthu. Mangirirani sowo ku nsungwi yaitali, muyambe mwatsitsa nthambi imodziimodzi mutaima pansi, ndipo muime pambali, osati pansi pa nthambiyo. Kenaka ponyani chingwe kumtunda kwa thunthu, anthu awiri agwire ali patali kupitirira utali wa mtengowo, kumbali imene mukufuna kuti ugwere. Dulani kaye kamphako kumbali yomweyo, kenaka mumalize chakumbuyo. Ana onse, a inu ndi a aneba, atuluke m'bwalo. Ana amathamangira kumene mtengo ukugwera, sathawa ayi.

Nthambi yaikulu, ya mtengo uliwonse, imafuna kudula katatu. Mukangoyamba pamwamba, kulemera kwake kumaithyola isanathe, ndipo pogwa imasenda khungwa la thunthu ngati nthochi. Yambani chapansi pa nthambiyo, masentimita 30 kuchokera pa thunthu, mulowetse sowo pang'ono. Kenaka dulani chapamwamba, patsogolo pang'ono pa bala loyambalo, mpaka nthambi igwe. Chitsa chotsalacho ndiye muchotse bwinobwino. Pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu pamakhala kotupa ngati mkanda. Dulani kunja kwa mkandawo, musaumete, chifukwa ndi umene umadzatseka balalo.

Musanagwire chida chilichonse, yang'anani mawaya. Mtengo wauwisi uli ndi madzi ndipo magetsi amayenda nawo. Waya wolowa m'nyumba, wa mavolti 230, ndi wokwanira kupha munthu. Mawaya aakulu a m'mapolo amanyamula mavolti 11,000 kapena 33,000, ndipo amenewo safuna kuti muwakhudze, moto umatha kudumpha mukangoyandikira. Ngati nthambi yafika pa mawaya, kapena ikhoza kuwagwera, imeneyo si ntchito yanu kapena ya mnyamata wa ganyu. Kanenani ku ofesi ya ESCOM, ndipo akachedwa mupitenso. Kumbukiraninso mawaya aja oyenda mwachinsinsi kuchoka nyumba ina kupita ina, obisika m'masamba. Sindikutchula munthu, koma m'makomboni tonse timawadziwa.

Gwedezani mtengo ndi nsungwi musanayambe, muone ngati muli mavu, njuchi kapena njoka. Valani nsapato zotseka, masilipasi asiyeni pakhomo. Ndipo ngati mwalemba waganyu, akhale amene sanadutsire kumowa. Lembani ndi khala pa thunthu pamene mukufuna kuti adule, ndipo muimepo mpaka amalize. Waganyu amene mwamulonjeza nthambi zogwazo, sowo wake amakonda kutsikira pansi.

Si mtengo uliwonse

Apa ndiye mumvetsetse, kuopa kuti mawa mungadzandisake mumsika muno. Kulimba mtima kumene ndikukupatsaniku n'kwa cham'mwamba ndi anzake ophukira pachitsa, monga bulugamu, malaina ndi keshya. Musakutengere pa mango.

Mango amabereka kunsonga kwa nthambi. Mukaudula ngati cham'mwamba, mwina sufa, koma zaka ziwiri kapena zitatu mudzakhala mukugula mango kwa anzanu. Khungwa limene linazolowera mthunzi likangoti mbee pa dzuwa la Okutobala limapsa n'kung'ambika, tizilombo n'kulowerapo. Mango, mapeyala, malalanje ndi mandimu amafuna kutsitsidwa pang'onopang'ono. Pa chaka musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a masamba onse. Yambani ndi nthambi zouma, zodwala ndi zokhulana, kenaka imodzi kapena ziwiri zazitali za pakati kuti dzuwa lilowe. Chaka chamawa mudzapitirize. Nthawi yake ndi zipatso zikangotha, osati mtengo uli mbuu ndi maluwa. Utomoni wa mango nawo umawotcha khungu la anthu ena, choncho valani malaya a manja aatali.

Paini ndi mkungudza wa m'mipanda ndi zina. Mukadula mpaka kufika pa thabwa lakale lopanda masamba, pamenepo sipaphukanso, dazi lake ndi lamuyaya. Mgwalangwa ndi kokonati zili ndi diso limodzi lokha, kunsonga, ndiye mukadula mutu mwapha. Papaya wotalika amalola kudulidwa ndipo amatulutsa nthambi, koma thunthu lake ndi lamphako, choncho vindikirani ndi chitini kuti mvula isalowe. Tomato wa mtundu wotalika ndiye amatembenuza nkhani yonse: kwa iyeyo timasiya nsonga n'kumachotsa mphukira za m'khwapa, chifukwa tikufuna zipatso zazikulu osati masamba.

Mpanda wa nkhadze ukakula mopitirira, samalani maso. Utomoni wake woyera uja ukalowa m'diso ululu wake ndi wosasimbika, ndipo ukhoza kuwononga diso. Valani magalasi, ngakhale a dzuwa omwewa, musadule mphepo ikuwombera kwa inu, ndipo musapukute thukuta ndi dzanja limene lagwira nthambi. Zikachitika, tsukani diso ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 kapena 20, kenaka thamangirani kuchipatala. Osati kuthira mkaka, shuga kapena zina zimene anthu ozungulira angakuuzeni.

Anzanga a kanyenya ndi chiwaya, iyi ndi yanu. Pali duwa lina lobzalidwa m'misewu ndi m'mipanda ya kumayadi, dzina lake oleander, la masamba aatali osongoka ngati mpeni ndi maluwa apinki kapena oyera. Likaduliridwa limasiya timitengo towongoka tokongola. Mtengo wonsewo ndi poizoni, masamba, utomoni, ngakhale utsi wake. Musatolere timitengo take kuti mubayire nyama, ndipo musasonkhere moto.

Inu ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu mukudziwa kale kuti kasitomala amadutsa duwa lowonda n'kutola lothithikana. Hibiscus, bougainvillea kapena rozi likatalika mumphika, lichepetseni ndi gawo limodzi mwa atatu. Dulani pamwamba penipeni pa diso, kusiya theka la sentimita, ndipo musankhe diso loyang'ana kunja, chifukwa kumene diso layang'ana n'kumene nthambi idzalowere. Mukatero lisunthireni pa dzuwa pang'onopang'ono, ndipo muchepetse madzi mpaka masamba atabwerera. Duwa lopanda masamba silimwa kwambiri, mukalithirira ngati kale mizu imaola.

Zagwazo ndi mpamba

Tibwerere ku cham'mwamba chathu chimene chagona pansi. Musachisiye padzuwa kuti mudzaone mawa. Pululani masamba tsiku lomwelo, muwatsuke ndi madzi oyera, muchotse achikasu ndi timitengo. Ena gulitsani aawisi m'timipukutu ngati mmene tichitira ndi bonongwe kapena chisoso. Otsalawo yanikani mopyapyala pa lichero kapena pa nsalu yoyera, mumthunzi, pamalo popita mphepo, kutali ndi fumbi ndi nkhuku. Pa dzuwa amauma msanga, zoona, koma amatuwa ndipo mavitamini ena amawonongeka. Mumthunzi amatenga masiku atatu kapena asanu kunja kukakhala kouma, ndipo mudziwa kuti afika akamafumbutuka m'manja. Sinjani mumtondo wouma, sefani, tsekerani m'botolo louma. Wogula amayang'ana mtundu. Ufa wobiriwira bwino sukhalitsa pa benchi, wotuwa umakhala mpaka kuchita nkhungu.

Pogulitsapo, chonde tisanamize anthu. Masamba a cham'mwamba ndi chakudya chabwino, ali ndi zomanga thupi, ayironi, kashiamu ndi vitamini A, ndipo amapezeka m'chilimwe pamene masamba ena akwera mtengo. Zimenezo n'zokwanira kuitanira malonda. Koma ndimamva ena akukuwa kuti ufawu umachiza shuga, BP, khansa, mpaka Edzi. Bodza limenelo likhoza kupha munthu amene wasiya ma ARV kapena mankhwala a kuchipatala chifukwa chokhulupirira inu. Mizu ndi khungwa la mizu musagulitse kuti anthu amwe, muli zinthu zoopsa, makamaka kwa amayi oyembekezera. Ndipo amene mukulota zolowetsa ufa wanu m'mashopu akuluakulu, njira yake imadzera ku Malawi Bureau of Standards.

Nthambi nazo musasonkhere moto, nkhuni zake n'zachabechabe, zimangofuka. Ziduleni mita imodziimodzi, musankhe zonenepa ngati mpini wa khasu kapena kuposerapo. Lembani chizindikiro kumunsi kwa iliyonse, chifukwa mukaibzala chozondoka mwataya nthawi. Ziimikeni mumthunzi masiku atatu kuti mabala aume, kenaka kwirirani gawo limodzi mwa atatu m'dothi losadikha madzi, losakaniza ndi manyowa okupsa. Anthu ambiri amathira phulusa m'dzenje poopa chiswe, chimene chimaukonda mtengowu koopsa. Dziwani kuti mtengo wochokera ku nthambi sukhala ndi muzu wautali wolowa pansi ngati wochokera ku njere, ndiye mphepo siuchedwa kuugwetsa. Umenewo ndiye musaulole n'komwe kupitirira mutu wanu.

Mtengo umodzi wautali umatha kukupatsani nthambi zobzala zokwanira mzere wonse wa mpanda, zina n'kutsala zoti muimike pambali pa benchi kwa amene akufuna kukabzala kwawo. Kungoti amene tili pa lendi tiyambe tagogoda kwa alandilodi tisanagwire sowo, ngakhale mtengowo tinabzala tokha, chifukwa akadzapeza chipolo pamene panali mthunzi, kufotokoza za auxin sikudzatithandiza. Mitengo ya m'mbali mwa msewu ndi ya mumsika ndi ya khonsolo, imeneyo musaiyambe dala.

Mukabzala, tchingani ndi minga kapena ndi njerwa mpaka mphukira zitapitirira pamene pakamwa pa mbuzi pamafika. Mbuzi za m'tauni zinaudziwa kale mtengowu, ndipo sizidikira mwezi ndi theka.